Pamoto ndi adzukulu m'nyengo ya chisanu

Chisanu cha chaka chino sichinabwere ndi nthabwala. Kuno ku Chidzolomondo tinkadzuka m'mawa n'kupeza udzu wa kudambo utayera ngati wina wawazapo ufa, ndipo amene anachedwa kutchinga tomato wawo kudimba akudziwa zomwe ndikunena. M'nyengo yotereyi ndi pomwe adzukulu anga awiri anatsika chapa kuchokera ku Tete, sukulu zitatsekera pakati pa chaka. Mzinda wa Tete mukuudziwa, kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala pansi pa mtengo. Anawo anafika ndi timalaya topyapyala, mano akugundana, ndipo wamng'onoyo, kamtsikana ka zaka 7, anafunsa agogo ake aakazi ngati kuno kuli firiji yaikulu imene wina anaiwala kutseka.

Pa makalendala a Khirisimasi timaona mabanja a azungu atazungulira moto, kunja kutayera mbuu. Kwawoko Khirisimasi imagwa m'chisanu, ndiye makolo amakhala ndi mpata wocheza ndi ana. Kwathu kuno Disembala ndi mwezi wa khasu. Timapalira, timabandira, timathamanga ndi fodya, ndipo madzulo munthu amangogwera pamphasa, nkhokwe nayo itayamba kuonetsa pansi. Nthawi yathu yokhala pamoto ndi ino ya Juni, Julayi mpaka mphepo ya Ogasiti, pamene chimanga chalowa m'nkhokwe, mbatata zootcha zilipo, usiku nawo ndi wautali. Kholo lachikhristu lofuna kucheza ndi ana za Mulungu, mpata wake ndi umenewu. Ine ndinauseweretsa kwa zaka zambiri, ndipo ndati ndikuuzeni mmene zinakhalira, poti mwina wina mwa inu akuyenda njira yomweyo.

Anawo asananyamuke, bambo awo, amene ndi mwana wanga woyamba, anandiimbira foni. Titapatsana moni anati, "Ababa, ana akubwera mawa. Koma chonde musakawachite zija munkatichita ife." Ndinafunsa kuti ziti. Iye anati, "Zija za nsima kuzizira."

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa ndinadziwa chimene ankanena. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ana anga ali aang'ono ndinkayendetsa mapemphero a pakhomo ngati bwalo la milandu. Nsima ikafika pamphasa ndinkayamba pemphero lochokera kwa Adamu n'kukafika kwa atumwi, ana akumeza malovu, mpaka nsimayo kuuma pamwamba. Tikadya, ndinkatsegula Katekisima. Wolephera yankho ankaima panja pa chisanu mpaka alikumbukire, ndipo kamtengo ka pichesi kanali kuseri kwa chitseko. Ndinkati ndikuongola mtengo ukadali waung'ono. Anawo mayankho anawaloweza ndithu, kalasi anakhoza, abusa anandiyamikira. Koma mnyamata uja tsiku limene anachoka pakhomo pano kukafuna ntchito ku Tete ndi tsiku lomwenso anasiya kulowa m'tchalitchi. Si chidakwa, si wakuba, amatitumizira ndalama ya feteleza chaka chilichonse. Koma m'nyumba ya Mulungu amangolowamo pa maliro ndi pa ukwati.

Usiku umenewo ndinadandaula kwa mayi a kunyumba kuti ana a masiku ano alibe ulemu. Iwo sanandiyankhe msanga. Anasonkheza moto, kenaka anati, "Inu bambo, kodi amene anakuphunzitsani inu za Mulungu anali ndi mkwapulo?"

Amene anandiphunzitsa ine anali agogo anga aakazi, kwathu ku Tsangano, chifukwa kuno ndinabwera chikamwini. Agogowo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Anakula m'nthawi imene achinyamata a lero sakuidziwa. Amishoni a Dutch Reformed anaoloka kuchokera ku Nyasaland n'kutsegula mishoni ya Mphatso m'dziko la Angonia m'chaka cha 1909, koma mu 1922 boma la Apwitikizi linawathamangitsa n'kutseka mishoni zawo. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a mpingo wathu anakhala opanda mbusa. Wofuna ubatizo kapena Mgonero ankayenda wapansi kudutsa malire, ndipo agogo anga ankasimba za ulendo wopita ku Mlanda, kufupi ndi Lizulu, mwana kumsana, kamba m'kathumba. Tsono taganizani, abale anga: zaka zonsezo popanda mbusa, popanda sukulu ya mishoni, mpingo unasungidwa ndi yani? Unasungidwa ndi akulu a mpingo osaphunzira kwambiri, ndi amayi ngati agogo angawa, pamoto wa madzulo.

Anzathu a Katolika nawo anaona zawo. Iwo anali ndi mishoni zazikulu, Lifidzi ndi Fonte Boa ija ya ku Tsangano imene inayamba mu 1945. Koma dziko litalandira ufulu mu 1975 sukulu ndi zipatala za mishoni zinatengedwa ndi boma, ansembe ambiri anachoka, ndipo pa msonkhano wa ku Beira mu 1977 mpingo wawo unagwirizana zodalira timagulu tating'ono ta Akhristu m'midzi. Nkhondo itakula, ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera pa 30 Okutobala 1985. Midzi yambiri inatha zaka osaona wansembe. Kumenekonso amene anagwira ana dzanja anali akatekisita ndi makolo.

Agogo anga analibe dongosolo la mapemphero. Ankangokwirira mbatata m'phulusa, ife adzukulu titazungulira, n'kuyamba kuti "Padangokhala," ife "Tili tonse." Lero inkakhala nthano ya Kalulu, mawa ya Davide ndi chimphona chija, ndipo ine ndinafika zaka 9 ndisakudziwa bwino kuti Kalulu ndi Goliati sali m'buku limodzi. Yosefe ankamusimba ngati mnyamata wa m'mudzi mwathu, abale ake akudyetsa mbuzi kuseri kwa phiri lomwe tinkaliona. Akafika pamene Rute akukunkha m'munda wa tirigu sitinkavutika kumva, poti tirigu ku Tsangano timalima, ndipo kukunkha tinkakudziwa. Pomaliza ankapemphera mawu ochepa kwambiri, kutchula aliyense wa ife dzina, basi tikagone.

Mu 1986 tinathawa nkhondo, monga anachitira anthu ambiri a mbali ino. Agogo anakulunga Buku Lopatulika la malemu agogo aamuna m'chitenje n'kulisenza pamodzi ndi mphika, ngakhale sankatha kuliwerenga. Tinayamba takhala ku Ntcheu, kenaka ku Dedza, kumene ndinakumana ndi mayi a kunyumbawa. Anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi m'zaka zimenezo. M'kamsasa ka udzu, chisanu cha ku Dedza chikulowa mbali zonse, agogo ankasonkhanitsabe ana a anthu osawadziwa n'komwe n'kumawasimbira za mwana Yesu amene makolo ake anathawa naye usiku kupita ku Aigupto. Ana othawa nkhondo nkhani imeneyo ankaimva msanga. Agogowo anamwalira komweko, mtendere usanasainidwe ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Buku lija ndinabwera nalo kuno mu 1993, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndi lomwelo limene ndinkaligwira m'dzanja limodzi, kamtengo ka pichesi m'dzanja linalo.

Tsono adzukulu atafika ndinaganiza zoyesa njira ya agogo. Pamodzi ndi ana atatu a mlamu wanga anakwana asanu. Madzulo aliwonse tinkakoleza moto m'khitchini, lichero la chimanga chotonola pakati, chifukwa manja a mwana akakhala ndi chochita makutu amatseguka. Ndinasankha nkhani ya Yosefe, poti ndi yaitali, ndipo ndinkaidula dala pokoma. Tsiku loyamba ndinasiyira pamene Yosefe akuyandikira abale ake kubusa, iwo akunong'onezana. Ana anakuwa kuti ndipitirize. Ndinati, "Kaphuleni mbatata." Mdzukulu wamkuluyo, mnyamata wa zaka 11, anabwera ndi mtima wonse uli pa foni ndi makanema a pamsika, ndipo masiku awiri oyamba anakhala chakutali, nkhope itakwinyika. Sindinamuitane. Tsiku lachitatu ndinamuona atasendera yekha pafupi, akunamizira kuwotha moto.

Kuwerenga kunali ndi zake. Ana a ku Tete aja kusukulu amawerenga Chipwitikizi, ndiye mnyamatayo atapatsidwa Buku Lopatulika anayamba kutchula "ch" ngati mmene amachitira m'kalasi. Chimanga chinasanduka "shimanga," chitsime "shitsime." Anzake anagubuduka ndi kuseka. Ine wakale ndikanakalipa kuti Mawu a Mulungu saseweretsa, koma ndinaseka nawo, ndipo mwana wa mlamu wanga, amene kusukulu kwawo anayamba ndi Chinyanja, anakhala mphunzitsi wake. Ndinaonanso kuti Chichewa cha Buku Lopatulika, lomwe ndi la 1922, chimawalemera ana a lero. Ndinabwereka Buku Loyera, lija linatuluka mu 1998, kwa mnansi wanga wa Katolika, ndipo pamene mawu avuta tinkayang'ana mabuku onse awiri. Akulu anzanga ena sangakondwe kumva izi, koma ine ndinaona mwana akumvetsa zimene akuwerenga, ndipo sindinaone tchimo pamenepo.

Nthawi zina tinkaponyerana zilape. Wina ankati "Chilape!" ife "Nachize!" ndiye n'kunena za munthu wa m'Baibulo popanda kumutchula dzina: wamfupi amene anakwera mumtengo, kapena wothawa ulendo amene anagona m'mimba mwa chamoyo. Wolephera ankapereka chidutswa cha mbatata yake. Loweruka lina anachita sewero la Msamariya wachifundo pabwalo, mbuzi yanga yaikazi ikuimira bulu. Mbuziyo inakana udindo, inathawa ndi wovulala yemwe atagwira chingwe, ndipo anthu odutsa pamsewu anaima kuonerera.

Pemphero ndinalisiya m'manja mwa ana, aliyense tsiku lake. Kamtsikana kaja kanapempherera mbuzi, njinga yamoto ya bambo ake, ndi gogo wina wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, kuti Mulungu amutumizire kutentha kwa ku Tete. Titati ameni, mayi a kunyumba anafunsa kuti, "Nanga Mulunguyo atuma yani?" M'mawa mwake ana onse asanu anapita kukatola nkhuni, n'kukazitula pakhomo pa gogoyo, ndipo anachita zimenezi kawiri pa sabata mpaka tchuthi kutha. Bulangete lathu lakale nalo linapita komweko. Sindinalalikire chilichonse pa nkhani imeneyi. Gogoyo ankawapatsa mtedza wokazinga ndi kuwasimbira za nkhondo, ndipo ankabwerako mochedwa.

Nyengo ino ndi ya ng'omanso. Usiku Gule Wamkulu akamveka kutsidya, anyamata amatukula makutu, ndipo kholo lachikhristu limagwidwa nkhawa. Mpingo wathu uli ndi chiphunzitso chake pa za kudambwe, ndipo ine ndinawauza ana mosabisa kuti banja lathu silipita kumeneko ndi chifukwa chake. Koma sindinawaphunzitse kutukwana. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi kuno, ndipo amene amavina ndi abale athu, akumanda athu. Amene anandinyamula usiku kupita nane kuchipatala chaka china nditadwala chibayo ndi munthu wa kudambwe. Mwana amene waphunzira kunyoza anansi m'dzina la Yesu, ine sindikuona chimene waphunzira.

Koma chimene chinandichititsa kulemba nkhaniyi chinachitika tsiku lachinayi. Pali bambo wina amene ananditutira fodya pa ngolo yake, ndipo ndinali naye ngongole ya 600 meticais. Ndalamayo ndinali nayo, fodya nditagulitsa, koma mtima unali pa batire la sola limene ndinaliona ku Furancungo. Masana a tsikulo ndinamuona akubwera poteropo. Ndinalowa m'nyumba msangamsanga n'kuuza mdzukulu wamkulu uja kuti, "Ukawauze kuti agogo apita ku Furancungo." Mwana anapita, ananena, bamboyo anabwerera. Ine ndinatuluka n'kupitiriza ntchito, osaganizanso kanthu. Ndi angati mwa ife amene sitinatumepo mwana bodza lotere?

Madzulo ake nkhani inafika pamene abale a Yosefe apha mbuzi, aviika mkanjo wake m'magazi, n'kupita nawo kwa bambo awo okalamba kuti akhulupirire kuti chilombo chamudya. Ndinaisimba bwino ndithu, mpaka kamtsikana kanalengeza misozi. Ndinawonjezapo kuti bodza limenelo linadwalitsa nkhalamba zaka zambiri. Pamenepo mnyamata uja, osakweza mutu, chitsononkho chili m'manja, anafunsa kuti, "Agogo, nanga bodza la abale a Yosefe ndi lija la masana, lalikulu ndi liti?"

M'khitchini munangoti zii. Ndinamva magazi akukwera kumutu, ndipo dzanja linakumbuka kuseri kwa chitseko. Ndinayang'ana mayi a kunyumba kuti mwina amudzudzula mwanayo, koma iwo anangopitiriza kutonola chimanga ngati sanamve. Mayankho a mkulu wa mpingo ndinali nawo ambiri: kuti bodza lina ndi laling'ono, kuti ndalamayo ndikanapereka ndithu sabata yamawa, kuti mwana safunsa akulu choncho. Koma pamene ndinkasankha yankho, ndinakumbukira bambo ake a mwanayu ali msinkhu womwewo, ataima panja pa chisanu chifukwa cholephera kunena lamulo loletsa umboni wonama. Ndi kangati iye anandiona ndikuchita zonga za masanazi, n'kukhala chete chifukwa cha mantha? Mwina si nsima yozizira yokha imene inamuchotsa m'tchalitchi.

Ndinati, "Onsewo ndi mabodza, mdzukulu wanga. Ndipo langa laipa koposa chifukwa ndinatuma iwe." Tsiku limenelo pemphero ndinapemphera ndine, ndipo linali lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo.

M'mawa, nkhungu isanachoke, ndinamudzutsa mnyamatayo kuti andiperekeze. Tinayenda osalankhula mpaka kwa mwini ngolo uja. Tinamupeza akumasula ng'ombe m'khola. Ndinamupatsa ndalama yake, kenaka ndinanena mwanayo akumva kuti dzulo ndinali m'nyumba, ndipo ndinatuma mwana kunama. Bamboyo anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati, "Akulu a mpingo, njinga yanu inali yotsamira pankhokwe, nsapato zanu pakhomo. Ndinangoti mwina ku Furancungo masiku ano mumapita chouluka." Manyazi anandigwira, koma pobwerera mnyamata uja, amene kuyambira tsiku lofika sanandiyandikire, anayamba kundifunsa mafunso osatha: ngati Yosefe anakhululukadi, ngati agogo anga aja anaonapo mkango, ngati bambo ake ali mwana ankadziwa kuwerenga Buku Lopatulika. Ndinamuuza kuti ankawerenga bwino kuposa ana onse a mu Sande sukulu. Zimenezi bambo akewo sindinawauzepo ali mwana.

Batire lija sindinagule. Tikuwalitsabe ndi tochi.

Masabata awiri anatha ngati madzi. Ndinawerengera molakwa, moti usiku womaliza nkhani inali isanathe: Yosefe anali akadali m'ndende, woperekera chikho wa Farao atatuluka n'kumuiwala. Ana anachonderera kuti ndimalize usiku womwewo, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera, koma mayi a kunyumba anandiponda chala. Anati kwada, ana akagone, ulendo ndi wa m'mamawa. Anawamangira mbatata, ufa ndi nyemba, ndipo tinawakweza chapa kukadali mdima, kamtsikana katavala juzi ya agogo ake yofika m'mawondo.

Patapita masiku atatu foni inalira usiku, ife titakhala pamoto awiriwiri. Anali mwana wanga. Sanayambe ndi moni wautali. Anati, "Ababa, mwawachita chiyani anawa? Uyu wamng'onoyu akukana kugona, akuti munthu wina wake munamusiya m'ndende." Ndinamuuza kuti ndi Yosefe. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndikukumbuka kuti pali maloto a ng'ombe zonenepa ndi zowonda, koma pakati pake pandisokonekera. Ili pati nkhaniyo?" Ndinamuuza kuti ayambire pa Genesis mutu 41, ndipo asawerenge yonse tsiku limodzi, adule pamene abale aja afika kudzagula chakudya. Anati m'nyumba mwake mulibe Baibulo la Chichewa, koma aona ngati angalipeze pa foni. Ndinkafuna kunena zambiri, zija za chisanu ndi kamtengo ka pichesi, koma ndinamva kamtsikana kakukuwa chapatali kuti "Tili tonse!" ndipo bambo ake anati, "Ababa, ndiimbanso mawa," n'kudula.

Mayi a kunyumba anafukula mbatata m'phulusa, anaipukuta, n'kundigawira theka.